Agogo Oyenda Usiku Aja Amafuna Peggy

Moni nonse abale anga, a ku Luton, a ku Manchester, a ku Joni, ndi inu a kumudzi amene mumadikira bandulo yausiku kuti mundimvere. Ndangofika kumene kuchokera ku night ku care home, nyumba yosamalira okalamba imene ndimagwirako ntchito, nsapato sindinavule, tiyi ali apa akuzizira. Ndati ndisagone ndisanalankhule, chifukwa ndikagona nazo zimenezi mtima sundipatsa mtendere.

Usiku wathawu, cha m'ma 2 koloko, belu la pachitseko cha kolido linalira. Kupita kukaona, ndapeza agogo athu a m'chipinda chakumapeto avala jasi pamwamba pa malaya ogonera, chikwama chili m'khwapa, milomo apaka kale lipisitiki mpaka pachibwano. Akuti ndawachedwetsa, bala yatsegulidwa kale ndipo Peggy akwiya. Agogo amenewa ali mtsikana ankagulitsa mowa m'bala, ana awo anatiuza. Ndinawagwira mkono, ndinati tiyeni tikaone kaye ngati Peggy wafika. Ndinawakhazika mu lounge, ndi kuwayatsira EastEnders yakale, sewero la pa TV la kuno, mawu nditatsitsa. Atangoona Peggy Mitchell, mayi wamfupi uja wa tsitsi lowunjika pamutu, akukalipa kuseri kwa kauntala, anakhala phee. Chikwama anachiika pansi. Anayamba kuseka, dzanja langa atagwira.

Ndiye pali mtsikana wakwathu amene wayamba ntchito mwezi watha. Anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Achemwali, agogo awa mukuwaona bwinobwino? Munthu woyenda usiku chonchi, wolankhula ndi anthu osaoneka, kwathu timamudziwa dzina lake." Abale anga, ndinamva kutentha m'mutu. Sindinamukalipire, ndi mwana, walankhula zimene anakulira. Ndinangomuuza kuti khala apa, uone mayi ali pa TV-yo, ndikuuze kuti ndi ndani.

Mayi amene ankachita Peggy Mitchell dzina lawo ndi Barbara Windsor. Anabadwa mu 1937 ku Shoreditch, kuno kum'mawa kwa London, nthawi imene derali linali la anthu osauka, osati za lero zimene kapu ya khofi ikumadya ndalama ya ola. Dzina lawo lobadwa nalo linali Barbara Ann Deeks. Mayi awo anali osoka zovala. Nkhondo yachiwiri itavuta, mabomba akugwa mu London, anawatumiza ku Blackpool ngati mmene ankachitira ndi ana ambiri. Anakwera siteji ali ndi zaka 13, ndipo pofika 1952 anali akuimba ndi kuvina m'gulu ku West End, dera la nyumba zazikulu za zisudzo mu London. Dzina loti Windsor analitenga nthawi imene Mfumukazi Elizabeth ankavekedwa ufumu, mu 1953.

Azungu ambiri mukawafunsa amangokumbukira mafilimu a nthabwala aja a Carry On. Anachita asanu ndi anayi, kuyambira 1964 mpaka 1974, ndipo mmenemo ankangowapatsa mbali ya mtsikana woseketsa, wokopa amuna. Ine zimenezo zimandiwawa, chifukwa mayi amenewa anali katswiri weniweni wa pa siteji. Anadutsa m'manja mwa Joan Littlewood ku Theatre Royal ya ku Stratford, mayi wovuta wotsogolera zisudzo, amene ankafuna kuti zisudzo zizilankhula chilankhulo cha anthu wamba a mumsewu. Sewero lawo lonena za nkhondo yoyamba, Oh, What a Lovely War!, litapita ku Broadway ku New York, Barbara anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto yaikulu ya zisudzo ya Tony mu 1965. Munthu wofika pamenepo, dziko lonse n'kumangomukumbukira ndi kaseko basi. Anthu akakuika m'bokosi kuno, kutulukamo ndi ntchito. Inu aphunzitsi, inu a digiri amene mukusintha mapadi pamodzi ndi ine, mukudziwa zimene ndikunena.

Kenako mu 1994, ali ndi zaka 57, zaka zimene ambiri amati mkazi pa TV watha ntchito, analowa mu EastEnders. Anakhala mwini bala ya Queen Vic, mayi wa anyamata awiri ovuta aja, Phil ndi Grant. Munthu wake wamfupi, ngakhale mita imodzi ndi theka sankaikwanitsa bwino, koma akati tulukani m'bala yanga, zimphona zinkatuluka. Ine Chingelezi cha mumsewu ndinachiphunzira kwa iwowa. Chaka changa choyamba kuno, ndili m'kachipinda kozizira ku Ilford, nditafunda mabulangete awiri, ndinkaonera zakale zija mpaka ndinayamba kumva zimene madalaivala a basi amanena. Zinkandikumbutsa madzulo a kwathu, tonse titazungulira wailesi kumvera sewero pa MBC, amayi akupala mbatata, wina akatsokomola tonse kumuyang'ana.

Koma dikirani ndikuuzeni za m'mawa uno, chifukwa ndi zimene zandipsetsa mtima kwambiri. Pa handover, posiyirana ntchito ndi a masana, bwana wathu wawerenga zimene ndinalemba, ndiye akuti ndinalakwa kuyatsa TV usiku, si nthawi yake. Ndinamufunsa kuti ndikanatani? Agogo anali pachitseko, tinalipo awiri pa floor yonse. Ndikanawakokera kuchipinda akulira? Care plan yomwe, buku la kasamalidwe kawo, imanena kuti amakonda EastEnders, ndinamutsegulira tsamba lake pomwepo. Anangoti tikambirana pa supervision. Bwana yemweyu mwezi watha anandidula maola atatu pa payslip, akuti ndi break, break imene sindinaione n'komwe. Amadziwa kuti dzina la kampani lili pa visa, amaganiza kuti tizingoti yes, yes. Ine ayi. Maola anga ndimalemba m'kabuku kanga, tsiku ndi tsiku, ndipo atatu aja anabweza. Lembani maola anu, abale anga. Lembani. Musamadalire rota ya pakhoma, imasintha usiku. Ndipo musamaope kufunsa, kufunsa si mwano. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndiye ena amapezerapo mwayi pa ulemu wathuwo.

Ndibwerere kwa Barbara. Mu 2014 madokotala anawapeza ndi matenda a Alzheimer's, amene amadya ubongo pang'onopang'ono, munthu n'kumaiwala dzulo, kenako mayina a ana ake, kenako nyumba yake yomwe. Anthu sanauzidwe msanga. Anachoka mu EastEnders komaliza mu 2016, chaka chomwecho chimene analandira ulemu wa Dame wochokera kwa Mfumukazi. Mu 2018 amuna awo, Scott Mitchell, anaulula poyera. Bambo ameneyo ndimamupatsa ulemu. Anali wamng'ono kwa akazi ake ndi zaka zoposa 20, anthu ankanena zambirimbiri atakwatirana mu 2000, koma matenda atabwera sanathawe. Anathamanga London Marathon mu 2019 kusonkhetsa ndalama zofufuzira matendawa. Chaka chomwecho awiriwo anapita ku Downing Street kukapereka kalata kwa Boris Johnson, amene anali nduna yaikulu nthawi imeneyo, yopempha boma kuti likonze chisamaliro cha anthu odwala matenda oiwala. Mayi amene dziko lonse linkawadziwa akulamula bala, anaima pamaso pa makamera akudwala, osabisala.

Mu 2020, Covid ili pakati, zinafika poti kunyumba sizikanathekanso, anawapititsa ku care home. Anamwalira pa 10 December 2020 ali ndi zaka 83. Ndimaganiza za anthu amene ankawasambitsa miyezi yomalizayo, kuwapesa tsitsi, kuwamwetsa madzi ndi kapu ya mlomo ija. Anali anthu ngati ine ndi inu. Munthu akadzakufunsani kumudzi kuti ku UK mumagwira ntchito yanji, musamayankhe motsitsa mawu.

Tsopano nkhani imene ndinamuuza mtsikana uja, nthawi ili cha m'ma 3, agogo akusinza pampando. Agogo anga ondiberekera amayi, kwathu ku Ntcheu, anayamba chimodzimodzi. Ankaika mchere m'tiyi. Ankandiitana dzina la mchemwali wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Tsiku lina anapezeka m'bandakucha ali kudimba la eni ake, nsalu itagwa, akuti akufuna mbuzi za bambo awo. M'mudzi nkhani inali imodzi yokha: agwa pandege. Ana anayamba kuwagenda. Azimayi amene iwo anawathandiza pochira, pachitsime ankasuntha ndowa zawo. Ngakhale ife a pabanja, Mulungu atikhululukire, tinayamba kuwatsekera m'nyumba, chakudya kuwapatsira pakhomo. Ine ndinali ndi zaka 14 ndipo ndinkawaopa. Anamwalira ali okha m'kanyumba kaja. Ndinabwera kuno, tsiku loyamba la training ya dementia, matenda oiwala aja, mphunzitsi akuwerenga zizindikiro chimodzichimodzi, ine ndinatuluka kukalira kuchimbudzi. Chilichonse chimene ankatchula chinali agogo anga.

Kuno anthu odwala matenda amenewa ndi pafupifupi miliyoni imodzi. Kodi onsewo ndi afiti? Barbara Windsor anali mfiti? Ubongo ndi chiwalo, abale anga, umadwala ngati mmene imadwalira impso, ngati mmene amafera maso. Kuyenda usiku kuja n'chifukwa choti wotchi ya m'mutu yasokonekera, munthu sakusiyanitsanso usiku ndi usana. Anthu osaoneka amene amalankhula nawo ndi abale awo a kalekale, chifukwa zakale ndi zimene zimatsalira, zatsopano zimayamba kufufutika. Ndipo kwathu lamulo lilipo kuyambira 1911 loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma mpaka lero timamva pa wailesi kuti nkhalamba yaphedwa, nyumba yake yatenthedwa. Inu amene mumatumiza ndalama kumudzi, mawu anu amamveka. Mukamva kuti agogo ayamba kusochera, musangotumiza ya sing'anga. Auzeni awatengere kuchipatala. Auzeni aike munthu wogona nawo. Auzeni asamawatsutse akamaitana akufa, angowafunsa kuti munthuyo anali wotani, muona mmene nkhope iwalire.

Mtsikana uja sanayankhe kanthu. Koma nthawi ya 5, agogo atadzuka pampando, ndi iyeyo amene anatenga thonje ndi madzi ofunda, n'kuwapukuta lipisitiki uja pachibwano, kenako anawaperekeza kukagona.

Pobwera ndakwera basi nambala 25. Itafika pa Stratford ndinatsika, ngakhale miyendo inali ikukana, ndinayenda mpaka pa Theatre Royal paja. Panja pake pali chiboliboli cha Joan Littlewood atakhala pansi, chipewa kumutu. Kunali kamvula kowaza, anthu akuthamangira sitima, palibe woyang'ana. Ndinaima pang'ono, ndinayimbira amayi ku Ntcheu. Ndinawafunsa kuti mchemwali wa agogo uja, amene ankandiitana dzina lake, anali munthu wotani. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, ndinaganiza kuti netiweki yadula. Kenako anati, "Anali wamtali ngati iweyo, ndipo ankakonda kuimba akamasinja."

Ndikubwereranso 8 koloko madzulo ano. Yunifolomu ili m'makina, ndikaitulutse.