Makalata a omvera: kuyerekeza zinthu m'Chingerezi

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. Yakwananso nthawi yoti titsegule makalata anu a mafunso a Chingerezi. Sabata ino ambiri mwafunsa za kayerekezedwe ka zinthu, monga ponena kuti ichi n'chachikulu kuposa icho, ndiye ndasankhapo angapo oimira anzawo.

Woyamba ndi mtsikana wa ku sekondale. Akuti: "Pa chimangirizo ndinalemba kuti 'My brother is tall than me', aphunzitsi anadula mzere wofiira pansi pa 'tall'. Pokonza ndinalemba 'more taller', anadulanso. Kodi akufuna chiyani kwenikweni?"

Mwanawe, aphunzitsi ako sakukuzunza ayi. Tamvera mmene umanenera pa Chichewa: achimwene anga ndi aatali, achimwene anga ndi aatali kuposa ine. Mawu akuti "aatali" sanasinthe, ntchito yonse yagwiridwa ndi "kuposa". Ndiye iwe unatenga "than" n'kumusenzetsa katundu yense wa "kuposa", pomwe Chingerezi chimafuna kuti mfotokozi nayenso asinthe. "Than" payekha sayerekeza kanthu, amangolozera amene ukumuyerekeza naye. Choyenera ndi "My brother is taller than me".

Tsono mfotokoziyo amasintha m'njira ziwiri, ndipo umasankha imodzi basi. Akakhala wa phatikizo limodzi, umawonjezera "-er" kumapeto: "colder", "faster", "older". Pa mawu ngati "big" ndi "hot" lembo lomaliza limabwerezedwa, "bigger", "hotter". Akakhala wa maphatikizo atatu kapena kuposerapo, sumukhudza n'komwe, umangoika "more" patsogolo: "more expensive", "more difficult". Ovuta ndi a maphatikizo awiri. Othera ndi "y" amatenga "-ier", monga "easier", "heavier", "happier". Othera ndi "-ful", "-ous" kapena "-ing" amafuna "more": "more careful", "more famous", "more boring". Ena amalola zonse ziwiri, "quieter" kapena "more quiet", "cleverer" kapena "more clever", ndipo palibe angakudule mzere.

Pali msampha wina umene mabuku sautchula kawirikawiri. Maphatikizowo uziwerenga mmene eni chinenero amatchulira mawuwo, osati mmene lilime lathu limawatambasulira. Pakamwa pa ambiri a ife "clean" amatuluka ngati ki-li-ni, maphatikizo atatu, ndiye khutu limakuuza kuti ndi mawu aatali oyenera "more". Pomwe ndi phatikizo limodzi lokha, "cleaner". Chimodzimodzi "strong" ndi "bright".

Za "more taller" zija, unaika zizindikiro ziwiri pamalo ofunika chimodzi. Chodabwitsa n'chakuti kale zinali zololedwa. Shakespeare analemba "more better" mu sewero lake la The Tempest, ndipo anadzaziletsa ndi olemba mabuku a malamulo a chinenero monga Robert Lowth, amene buku lake linatuluka mu 1762. Koma usakawauze aphunzitsi kuti ukutsanzira Shakespeare, amene adzachonge mayeso ako si Shakespeare.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wogwira ntchito mu ofesi. Akuti: "Takhala tikukangana ndi mnzanga wa desiki yoyandikana. Iye akuti 'She is older than me' ndi Chingerezi cha anthu osaphunzira, choyenera ndi 'older than I'. Tagwirizana kuti mutiweruze ndinu."

Bambo, mlanduwu ndiugamula mokomera inu, koma mnzanuyo sindimulipiritsa. Eni chinenero akamacheza pafupifupi onse amati "than me", "than him", "than us", ophunzira ndi osaphunzira omwe. Mnzanuyo akutsata lamulo lakale lonena kuti "than" ndi mlumikizi, moti pambuyo pake pakubwera chiganizo chodulidwa: "than I am". Lamulolo silabodza, koma "than I" yongolekezera pomwepo imamveka yodzikweza pa macheza. Polemba kalata ya kuntchito ine ndimakonda kumaliza chiganizocho, "She is older than I am", chifukwa palibe mbali imene ingatsutse.

Pali malo amodzi pamene mnzanuyo ali ndi mfundo yeniyeni. Tamvani chiganizo ichi: "The manager trusts you more than me". Kodi bwanayo amakhulupirira inu kuposa mmene amandikhulupirira ine, kapena amakukhulupirirani kuposa mmene ine ndimakukhulupirirani? Zonse ziwiri zikhoza kumveka, ndipo mu ofesi kusiyana kwake si kochepa. Pamenepo nenani zonse: "more than he trusts me", apo ayi "more than I do".

Wina watumiza uthenga wa pafoni, wachidule: "then kapena than?" Poyerekeza ndi "than", wa "a". "Then" ndi wa nthawi, wonena zochitika kenako. Kalekale anali mawu amodzi, n'chifukwa chake ngakhale eni ake amawasokoneza polemba mofulumira.

Tsopano aphunzitsi a ku pulayimale, mayi amene akuti ana awo awatopetsa: "Ndikangowaphunzitsa za '-er', mawa lake kalasi yonse ikuti 'gooder' ndi 'badder'. Ndikulakwitsa pati?"

Aphunzitsi, simukulakwitsa paliponse. Mwana amene wanena "gooder" wakusonyezani kuti lamulo lalowa, wangoligwiritsa ntchito mpaka pomwe silifika. Ana obadwira m'Chingerezi nawonso amadutsa pomwepo asanazolowere. Mawu osamvera lamulowa ndi ochepa, kungoti ndi amene amatuluka pakamwa tsiku lililonse: "good" amapita ku "better", "bad" ku "worse", "little" ku "less", "many" ndi "much" ku "more", "far" ku "farther" kapena "further". Musawapatse ngati mndandanda woloweza. Aikeni m'ziganizo zoti azinena okha. Imikani ana awiri kutsogolo, aliyense anyamule chithunzi chimene wajambula, ena anene chimene chili "better" n'kupereka chifukwa. Kukhala phokoso ndithu, koma mawuwo akhazikika.

Akazolowera zimenezo, chenjerani ndi "very better", chifukwa ndi imene imatsatira. "Very" sayenda ndi mfotokozi woyerekeza. Wodwala akayamba kupeza bwino amati "I feel much better", kapena "far better", "a lot better", "a bit better" ngati kusinthako n'kochepa. Onjezanipo "elder": amati "my elder sister", koma sanena "elder than". Pakangobwera "than", ndi "older".

Bambo wina wachikulire wafunsa ngati "senior than" ndi yolondola, akuti anaiona pa chikalata. Ayi bambo. "Senior", "junior", "superior" ndi "inferior" anachokera ku Chilatini ali oyerekeza kale, ndipo amayenda ndi "to": "She is senior to him". Mneni "prefer" nayenso amatero, "I prefer walking to running". Mwafunsanso za zinthu zofanana. Pamenepo ndi "as" kawiri, "as tall as", pokana n'kukhala "not as tall as". Kusakaniza n'kunena kuti "as tall than" ndiye kosaloledwa.

Timalize ndi mayi uyu, amene kalata yake yatiseketsa tonse mu situdiyo muno. Akuti: "Ndinagula foni yatsopano, ndiye ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti 'My phone is better than my husband'. Anzanga akhala akunditumizira tizithunzi toseka mpaka lero, koma palibe akundiuza cholakwika."

Mayi, "better" mwamulemba bwino, "than" ali pamalo pake, cholakwika ndi zimene mwaziika pa sikelo. Inu mumafuna kuyerekeza foni yanu ndi foni ya bambo akunyumba, koma chiganizo chanu chayerekeza foni ndi bambowo, ndipo foni yapambana. Pa Chichewa simukanaphonya, mukanati "kuposa ya amuna anga", ndipo "ya" ameneyo ndiye akuimira foni. Chingerezi chimachita zomwezo ndi kachizindikiro kam'mwamba ndi "s": "better than my husband's". Pa mayina osatenga "s" yotere amagwiritsa ntchito "that of" kapena "those of", monga "The population of India is larger than that of Brazil". Mukasiya "that of", mwayerekeza anthu ndi dziko.

Ndiye pitani pa gulupo mukakonze msanga, wina asanawatumizire bambo uthengawo.