Juwisi wa tomato ndi tsabola: chopatsa thanzi kwambiri ndi chiti?

Muli bwanji abale anga aku Thyolo, aku Mulanje, ndi inu nonse mukuonera muli kutali. Patebulo pano ndili ndi kapu ya juwisi wa tomato, tomato wake ndi wa pa Bvumbwe ndafinya ndekha, mbali iyi ndaika kambuzi. Tiyeni tiziyerekeze bwinobwino.

Ziwirizitu ndi pachibale, banja limodzi ndi mbatatesi ndi mabiringanya, ndipo tomato ndi tsabola kwawo kwenikweni ndi ku America.

Tiyambe ndi vitamini C, paja ndi amene amathandiza mabala kupola komanso thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi bonongwe. Magalamu 100 a tomato wosaphika ali ndi mamiligalamu pafupifupi 14. Magalamu 100 a tsabola wofiira wowawa, wosauma, ali ndi opitirira 140, ndiye kuti kakhumi konse! Wasayansi wa ku Hungary, Albert Szent-Györgyi, amene anapata mphoto ya Nobel mu 1937, vitamini C wambiri wofufuzira ankamutenga mu tsabola wa paprika.

Koma apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ndikufuna mumvetsetse. Ndani angakhale pansi n'kudya magalamu 100 a kambuzi? Palibe, mungagwe misozi mpaka mamina. Timadya kamodzi kapena tiwiri pa ndiwo basi, ndiye vitamini C amene walowa m'thupi ndi wochepa zedi, pomwe juwisi uyu kapu yonse mumapapira osavutika n'kupeza mamiligalamu cha m'ma 30, kuphatikizapo potaziyamu ndi madzi, poti tomato pafupifupi 95 peresenti yake ndi madzi. Tsabola wouma uja wa pathandala ndiye vitamini C wake wambiri anathawa kale ndi dzuwa.

Tomato alinso ndi laikopini, chimene chimamufiiritsa. Chosangalatsa n'chakuti ameneyu thupi limamuyamwa bwino tomato akaphikidwa ndi timafuta pang'ono, pomwe moto womwewo umaononga vitamini C. Ndiye supu wa tomato wa amayi uja musamunyoze, koma tomato wina muzidyako wosaphika, wotsuka bwino ndi madzi aukhondo.

Tsabola chake ndi kapusaisini, amene amawotcha lilime. Ambiri amati ukali uli mu njere, ayi, uli kwambiri mu kamnofu koyera kamene njere zimamerapo, mukachotsa ako ukali umatsika. Ndipo akakuwotchani musathamangire madzi, imwani mkaka, kapusaisini sasungunuka m'madzi.

Tsopano achimwene, achemwali amene muli ndi BP, chonde tamverani. Juwisi wa tomato wa m'mashopu nthawi zambiri amathiramo mchere wambiri, werengani pa botolo musanagule, kapena ingofinyani nokha kunyumba osathira mchere, tomato akatchipa pa Luchenza kapena pa Chitakale sizidula n'komwe. Inu a chilungulira zonse ziwiri zikhoza kukuvutani, tomato ali ndi asidi, tsabola naye amapsereza. Za zilonda za m'mimba, tsabola sindiye amayambitsa, kawirikawiri ndi kachilombo kotchedwa H. pylori kapena mankhwala ena opha ululu, koma ngati muli nazo kale ndipo mukadya tsabola zikupweteka, musiyeni kaye mupite kuchipatala akakuyezeni.