Mawu a M'mawa: Mtsikana wa m'nyumba ya Namani

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso ndi moyo. Lemba lathu m'mawa uno ndi 2 Mafumu 5, ndipo popeza sukulu atsekera ana ali pakhomo tsiku lonse, aitaneni akhale pafupi tiwerengere limodzi.

Tikamalalikira mutu umenewu timakonda kuthamangira kwa Namani, kazembe wa nkhondo wa mfumu ya Aramu, munthu wolemekezeka koma wakhate. Timakamba za mneneri Elisa, za mtsinje wa Yordano ndi kumira ka 7 kuja. Amene anayambitsa nkhani yonseyi timangomudutsa. Ndi mtsikana wamng'ono, dzina lake silinalembedwe n'komwe. Magulu a nkhondo a Aaramu anakamugwira ku dziko la Israele, n'kumubweretsa kuti azitumikira mkazi wa Namani. Taganizani bwino: mwana wolandidwa m'manja mwa amayi ake, akugona ndi kudzuka m'nyumba ya mkulu wa asilikali a dziko lomwe linamugwiralo. Akanakhala wina, poona khate likudya bwana wakeyo, akanangoti chamumtima, "Alione, akolole zomwe anafesa." Ndani akanamudzudzula? Koma iye anapita kwa mayi wa m'nyumbamo n'kuwauza kuti mbuye wake atakaonana ndi mneneri wa ku Samariya angachire. Mawu ake onse akwana mu vesi 3 yokha. Sitimumvanso akulankhula mpaka mutu kutha.

Onani tsono zimene mawu ochepawo anautsa. Mfumu ya Aramu inalemba kalata. Namani ananyamula matalente 10 a siliva, masekeli 6,000 a golide ndi zovala 10 zosinthira. Mfumu ya Israele itawerenga kalatayo inang'amba zovala zake, poganiza kuti akuiputa dala nkhondo. Akuluakulu onsewa, ndi mipando yawo ndi chuma chawo, anangoti kakasi. Njira yopita ku machiritso inadziwika ndi mwana wantchito, ndipo patapita zaka mazanamazana Yesu anatchulabe kuchira kwa Namani m'sunagoge wa ku Nazarete, monga tiwerenga pa Luka 4:27.

Mtsikanayu analibe ndalama, analibe ufulu, analibe ngakhale m'bale wake pafupi. Anali ndi maso oona munthu amene akuvutika, komanso anakumbukira kuti kwawo kuli Mulungu wochiritsa. Zimenezi anachoka nazo kwawo asanagwidwe. Alipo amene anamuuza za mneneriyo. Makolo anzanga, m'mera mpoyamba, ndipo holide yaitali ino ndi mpata umene sitiupeza sukulu zikakhala zotsegula.

Kusukulu belu ndi limene limalamulira. Mwana amadziwa nthawi yokhala chete, nthawi yosesa, nthawi yopereka moni kwa aphunzitsi, ndipo akalakwa chilango chimakhala pafupi. Pa holide belu palibe. M'pamene mtima weniweni wa mwana umaonekera, monga Miyambo 20:11 ikunenera kuti ngakhale mwana amadziwika ndi ntchito zake. Sabata yoyamba imatha ndi tulo ndi masewera. Ikamafika yachiwiri mawu akuti "ndaboweka" amayamba kumveka m'nyumba, kenaka kulimbirana rimoti, kulandana foni, wamng'ono kulira kuseri kwa chitseko. Ife akuluakulu timafulumira kuwafunira chowatangwanitsa kuti atipatse mpumulo. Bwanji osawafunira munthu woti amuchitire chifundo?

Tsopano ndilankhule nanu ana anga, anyamata ndi atsikana. Musadikire kuti mudzayambe ntchito ndiye mudzakhale okoma mtima. Mukapita kosewera mpira lero, taponyani maso m'mbali mwa bwalo. Nthawi zambiri pamakhala mnyamata wina amene posankhana matimu amatsala yekha, mwina ndi wamng'ono thupi, mwina wangosamukira kumene m'deralo. Amaima potero manja ali kumbuyo, akunamizira kuti sakufuna kusewera, koma mpira ukatuluka ndi iye amathamanga kukautola. Muitaneni ndi dzina lake. Mupatsireni mpira ngakhale mukudziwa kuti mwina autaya. Anzanu adandaula, inde, koma madandaulo awo sachedwa kutha.

Pafoni ndiye pamafunika mtima wolimba kwambiri. Wina akaponya pagulu la WhatsApp chithunzi cha mnzanu choti anthu amuseke, simunachijambule ndinu, koma mukachitumiza kwina mwaponya nawo mwala. Chisiyeni chifere pa inu. Kenaka mulembereni mnzanuyo kumbali, mumufunse kuti wadzuka bwanji. Pa holide pali anzanu a m'kalasi amene palibe amawafunsa chilichonse mpaka sukulu kutsegulira, ndipo ena kunyumba kwawo sikuli bwino monga mmene mumaganizira.

Ndipo musaiwale m'nyumba mwanu momwe, chifukwa kukoma mtima kwa alendo n'kosavuta kusiyana ndi kukomera mtima mng'ono wanu amene wakuthyolerani chinthu dzulo. Khalani naye pansi mumuthandize kuwerenga, osamutcha mbuli akalakwitsa. Agogo akakufunsani kachitatu mmene angayankhire foni, alongosolereninso kachitatu nkhope ili yomasuka. Tsukani mbale imene simunadyerepo. Aefeso 4:32 amatiuza kuti tikomerane mtima ndi kukhululukirana monga Mulungu anatikhululukira mwa Khristu, ndipo lembali silinapatule ana.

Apa ndionjezere mawu amodzi, poti dziko lake ndi lino. Kukoma mtima sikutanthauza kutsatira munthu aliyense wokuitanani, kapena kusunga chinsinsi cha wamkulu amene akukuchititsani mantha. Mukafuna kukathandiza wina kunja kwa nyumba, makolo adziwe kumene mwapita. Ngakhale mtsikana uja sananyamuke yekha ulendo wa ku Samariya, anauza munthu wamkulu.

Ndibwerere kwa ife makolo, pakuti mutu womwewu uli ndi munthu wina wotichenjeza. Namani atachira anafuna kupereka mphatso, Elisa anakana kwamtuwagalu. Gehazi, mnyamata wa mneneriyo, anaona ngati mwayi wataika. Anathamangira galeta la Namani, nanama, n'kulandira matalente 2 a siliva ndi zovala 2, ndipo khate lija linamumamatira iyeyo. Ine ndimaona kuti tikamalipira mwana pa chabwino chilichonse chimene wachita, tikulera Gehazi. Mawa adzayamba wafunsa kuti "mundipatsa chiyani?" asanatukule katundu wa nkhalamba. Muyamikireni, mumuuze kuti mwaona zimene wachita ndipo mtima wanu wakondwa, koma chifundo chisakhale ganyu.

Chimodzimodzi ndi kamera. Mwana akapereka malaya ake kwa mnzake wosowa, si nthawi yoti tijambule tiike pa Facebook kuti anthu atitame kuti timalera bwino. Wolandirayo naye ali ndi ulemu wake, ndipo mawa akumana ndi anzake amene aona chithunzicho. Yesu anati dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita, pa Mateyu 6:3. Ana athu sangaphunzire zimenezi ngati ife tili oyamba kulengeza.

Komanso amatimva. Amamva mmene timayankhulira ndi wantchito, mmene timatchulira aneba chitseko chikatsekedwa, mmene timayankhira wopempha pakhomo. Pa holide amatimva kwambiri chifukwa ali nafe nthawi yaitali. Madzulo ano, m'malo mongofunsa kuti "wasamba?", tafunsaninso kuti "lero wathandiza ndani?" Mwana akakubwezerani funso lomwelo, mukhale nalo yankho.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuika ana athu m'manja mwanu pa holide ino. Atetezeni kumasewera, pamsewu ndi pafoni. Apatseni maso oona mnzawo wotsalira, ndi kulimba mtima koti amuitane ngakhale ena akuseka. Kumbukirani ana amene ali kutali ndi makolo awo, ndi amene holide ino ikuwawawa. Ife makolo tiwongolereni lilime ndi manja, pakuti ana akutiyang'ana. M'dzina la Yesu Khristu tapemphera. Amen.