Thebe Magugu: Mnyamata wa ku Kimberley amene zovala zake zimayambira pa kafukufuku

[Pazenera: nsalu ya madonthomadontho, kamera ikuyandikira pang'onopang'ono]

Tayang'anani nsalu iyi. Mukaiona patali mungati ndi madontho wamba ngati a pa diresi lililonse. Koma tayandikirani. Amenewa si madontho, ndi zidindo za zala za Olivia Forsyth, mayi amene m'zaka za m'ma 1980 anali kazitape wa apolisi a boma la tsankho ku South Africa. Amene anaganiza zoika zala za kazitape pa chovala ndi Thebe Magugu, ndipo lero tikambe za iyeyu: kumene anachokera, ndi kumene amatenga nzeru zopangira masitayilo ake.

[Pazenera: dzenje lalikulu la mgodi ku Kimberley]

Thebe anabadwa mu 1993 ku Kimberley, mzinda wa m'chigawo cha Northern Cape. Mzindawu umadziwika ndi dayamondi komanso chidzenje chachikulu chimene anthu anakumba ndi mapiki ndi mafosholo kuyambira mu 1871 mpaka mu 1914. Miyala yamtengo wapatali inapita kunja, dzenje n'kutsala. Thebe anakulira ku Ipopeng, dera la anthu wamba, pakhomo pamene mawu anali a amayi: mayi ake, azakhali ake ndi agogo ake aakazi. Musaiwale amayi atatuwa, awiri mwa iwo tikumana nawonso kutsogoloku.

Mafashoni anayamba kuwaonera pa wailesi ya kanema ali mwana. Atamaliza sekondale anapita ku Johannesburg kukaphunzira pa sukulu ya LISOF, ndipo kumeneko sanaphunzire kujambula ndi kudula nsalu kokha. Anaphunziranso kujambula zithunzi ndi kulemba nkhani za mafashoni. N'chifukwa chake zovala zake sizibwera zokha. Zimabwera ndi kanema, zithunzi ndi zolemba, ndipo anayambitsanso magazini yake yotchedwa Faculty Press.

Kampani yake, ya dzina lake lomwe, anaiyamba ali ndi zaka za m'ma 20 zoyambirira. Chodabwitsa choyamba chinali maina. Gulu lililonse la zovala zatsopano ankalitcha dzina la phunziro la ku yunivesite: Geology, Home Economics, Art History, African Studies. Ena angati ndi matama a mwana wasukulu, koma mainawo akunena ndendende mmene mnyamatayu amagwirira ntchito. Amayamba wawerenga, wafunsa anthu, wafufuza zithunzi zakale, kenako ndiye n'kugwira sizasi.

[Pazenera: Paris, mwambo wopereka mphoto]

Chaka cha 2019 ndi chimene chinasintha zonse. Mu February anapambana pa International Fashion Showcase ku London. Mu September, ku Paris, anapata mphoto ya LVMH, kampani imene ndi mwini wa Louis Vuitton ndi Dior. Mphotoyo ndi ndalama zokwana 300,000 euro komanso chaka chathunthu cholangizidwa ndi akatswiri a kampaniyo. Anali ndi zaka 26, ndipo anali woyamba wochokera mu Africa kuipata. M'ndime yomaliza ya mpikisanowo munalinso Kenneth Ize wa ku Nigeria.

Zovala zimene anaonetsa oweruza zinali zokumbukira Black Sash, gulu la amayi achizungu limene linayamba mu 1955 potsutsa malamulo a tsankho. Amayiwa ankaima chete m'misewu atapachika nsalu yakuda paphewa. Palibe kukuwa, palibe kugenda, kungoima basi. Thebe anatenga mavalidwe a amayi a nthawi imeneyo n'kuwapatsa moyo watsopano.

Apa ndinene maganizo anga. Azungu akamva zoti wopanga zovala ndi wa ku Africa, amayembekezera nsalu yowala ya maluwa, mikanda, mwina chikopa cha kambuku. Thebe anawabweretsera jekete yodulidwa bwino, siketi ya mapindo osongoka, malaya a kolala, ndipo m'kati mwake muli nkhani imene sanaiyembekezere. Uafirika wake sunali pa mtundu wa nsalu, unali pa zimene nsaluyo ikunena.

[Pazenera: zovala za Counter Intelligence]

Tibwerere kwa akazitape aja. Mu 2020 anatulutsa Counter Intelligence atacheza ndi amayi amene anagwirapo ntchito ya ukazitape nthawi ya tsankho. Forsyth anali mmodzi wa iwo. Mayiyu ankazonda ophunzira otsutsa boma pa yunivesite ya Rhodes, pambuyo pake anakadziulula kwa a ANC, iwo osamukhulupirira, n'kumutsekera ku msasa wawo ku Angola. Funso limene linkamuvuta Thebe linali lakuti: munthu amafika bwanji popereka anzake amene amadya nawo mbale imodzi? Ndipo yankho analiika m'zovala zimene zimabisa zinthu, zooneka zina patali, zina pafupi. Ndi ntchito yolimba mtima, chifukwa ku South Africa mabala a nthawi imeneyo sanapole, ndipo anthu amene anaperekedwa ndi akazitapewa ambiri akadali moyo.

Chaka chotsatira anatembenukira kwa asing'anga. Pa zovala za Alchemy, sing'anga wina anaponya mafupa ndi zigoba zake zoombezera, Thebe n'kujambula mmene zagwera, chithunzicho n'kukhala maluwa a nsalu.

[Pazenera: zithunzi zakale za pabanja zitayalidwa patebulo]

Koma ntchito imene ine imandigwira mtima ndi Genealogy, ya mu 2021. M'malo mwa atsikana oyenda monyang'wa pa nsanja, anaonetsa kanema wa iye mwini atakhala patebulo ndi mayi ake ndi azakhali ake, akutulutsa zithunzi zakale za pabanja chimodzichimodzi. Chithunzi chikatuluka, amayiwo amakumbutsana kuti apa tinali kuti, chovala ichi chinali cha ndani, kuseka kuli apo. Pambali pake n'kuoneka chovala chatsopano chimene Thebe wasoka potengera chithunzicho. Amayi a ku Kimberley amene ankangotchena popita ku tchalitchi kapena kokacheza, mavalidwe awo anafika pa sabata ya mafashoni ya ku Paris. Ndipo mukamvetsera bwino, akatswiri m'kanemamo ndi amayiwo. Mnyamata wa mphotoyo akungofunsa ndi kumvetsera ngati mwana aliyense pamaso pa makolo.

[Pazenera: milu ya zovala pamsika mu Johannesburg]

Tsopano nkhani imene ife tikuidziwa bwino. Pakati pa mzinda wa Johannesburg pali msika wa Dunusa, pamene zovala zakale zochokera ku Ulaya ndi ku America zimathiridwa m'milu anthu n'kumawerama kusankha. Ndi kaunjika yemweyu amene timagula belo likangotsegulidwa. Mu 2022 Thebe anakasankha zovala pamenepo, anazisula, n'kuzisoka mwatsopano, kenako anakazionetsa ku London, m'nyumba yosungira zinthu zakale ya Victoria and Albert. Anazitcha Discard Theory. Zimene Ulaya anataya zinabwerera kwawo zitakwera mtengo.

N'zoseketsa, komanso zili ndi pobaya. Telala wa pakhonde la sitolo amadziwa kuti kaunjika ndi amene amamulanda makasitomala, pakuti malaya a pamulu amatsika mtengo kuposa nsalu yosasoka. Koma tisanamizane: diresi la Thebe Magugu mayi wogula pa Dunusa sangalikwanitse. Amene akufotokozedwa m'zovalazi ndi ena, ozivala ndi ena. Vuto limeneli si la Thebe yekha, ndi la msika wonse wa zovala zodula, koma kwa munthu amene nkhani zake ndi za anthu wamba, limaonekera kwambiri.

Mwina n'chifukwa chake ntchito yake ndi adidas ili yofunika kuposa mmene anthu a mafashoni amaionera. Mu 2022 anagwira ntchito ndi makampani otchuka a mafashoni ngati Dior, Valentino ndi AZ Factory, ndipo diresi lake lina, Girl Seeks Girl, likusungidwa ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Koma mu 2023, pamodzi ndi adidas, anakonza jezi ya timu ya mpira ya Orlando Pirates, ndipo imeneyo ndiye inavalidwa ndi anthu a m'minibasi ndi a pa sitediyamu, ena osadziwa n'komwe dzina la amene anaijambula.

Mu 2024 anatsegula Magugu House ku Dunkeld, mu Johannesburg momwemo, nyumba imene muli sitolo yake komanso malo oonetsera ntchito za aluso ena. Amene akufuna kuona zovala zake ndi maso, kuzigwira ndi kuziyesa, akhoza kutero osakwera ndege ya ku Paris.