Tandisenzetsani

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, nkhungu yachita kutseka moti denga la aneba silikuoneka, zala nazo zikukana kulemba pafoni chifukwa cha chisanu. Mawu athu ali pa Agalatiya 6:2, mukuwadziwa kale: "Nyamuliranani zothodwetsa." Ndiyambe ndi pempho, poti ena simufika nawo kumapeto: dzuwa lisanalowe lero, muuzeko munthu mmodzi chimene chikukulemerani. Munthu weniweni, wamakutu awiri, woti angathe kukuyankhani. Mulungu munamuuza kale, ndipo anamva.

Lachiwiri madzi anasiya kutuluka pampopi. Lachitatu kunangoti zii. Pofika dzulo m'nyumba munalibe ndi dontho lomwe loti ndiphikire mwana phala, ndiye ndinadzuka cha m'ma 4 koloko, n'kutenga ndowa yanga ya malita 20, ulendo wa kumjigo wa kumunsi kudambo. Ndinalawirira dala. Ndisakunamizeni kuti chinali changu ayi. Ndinkafuna ndikatunge anthu asanadzuke, kuti ndisakumane ndi wondifunsa kuti, "Mwasowatu mayi, kwagwanji?"

Ndinajiga ndekha mumdima, ndowa inadzaza mpaka m'milomo. Ndinapinda chitenje chakale n'kupanga nkhata, kuiika pamutu bwinobwino. Mavuto anayambira pamenepo. Inu amene munakula mukutunga madzi mukudziwa kuti malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo kuyenda nawo pamutu si nkhani, khosi linazolowera kuyambira tili ana. Nkhani ili pochotsa ndowayo pansi kuti ifike pamutu. Ndili mtsikana ndinkatha: kuikweza pabondo kaye, kupumira, kenako n'kuikankhira m'mwamba. Koma chichitireni opaleshoni ya mwana wanga womalizayu, m'chiunomu mulibe mphamvu zakale zija. Ndinayesa koyamba, inafika pabondo n'kupendekeka, madzi ozizira ngati a mufiriji onse pachifuwa. Ndinajiganso kuti idzaze. Kachiwiri phazi linaterereka m'matope, pang'ono n'kanagwa chagada.

Ndiye ndinaima pamenepo, ndanyowa, mano akugundana, n'kupemphera mokweza ndithu: "Ambuye, ndipatseni mphamvu!" Ndinatsegula maso. Ndowa inali pomwe paja, phee, ikungondiyang'ana.

Musaseke kwambiri, poti ambirife ndi m'mene tikukhalira. Taima pambali pa katundu wathu mumdima, tikupemphera, tikusala kudya, koma tasankha ola loti pasapezeke munthu wotiona.

Posakhalitsa ndinamva chifuwa m'kanjira. Anatulukira agogo ena atadzifunditsa kansalu kumutu, kachigubu kakang'ono kali m'manja. "Mwawuka uli, mama?" Sanandifunse kuti ndine mwana wa yani kapena ndimapemphera kuti. Anangoona ndowa, kuona nkhata, kuona m'mene ndanyowera. Anaika kachigubu kawo pansi, anagwira mbali imodzi, ine mbali inayi, mwakamodzi ndowa ili pamutu. Manja awo anali owonda, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi aakulu kuposa mayi anga ondibereka. Chitumbuka changa ndi chopereweza ngakhale ndakhala kuno zaka zingapo, ndiye chimene ndinakwanitsa kunena ndi "Yewo, agogo" basi.

Ndikukwera chitunda chija ndinayamba kukangana ndi Mulungu mumtima. Ndinati, "Ndinapemphatu mphamvu ine." Ndipo zinali ngati akundifunsa kuti, "Nanga agogo aja anawadzutsa ndani?"

Ndikuuzeni chimene chinandifikitsa pothawa anthu. Chaka chatha ntchito ya bambo a kunyumba itatha, tinalowa m'ngongole yoti sindinkagona nayo tulo. Ndinakatula nkhaniyo kwa anzanga ena opemphera nawo, ndikulira, kuti andithandize kupemphera. Sabata isanathe ndinaimva kumsika, itawonjezeredwa mchere ndi tsabola, kwa mayi woti sindinamuuzepo kanthu. Pemphero langa linasanduka nkhani yocheza pomanga tsitsi. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka chitseko. Pa gulu la WhatsApp lija ndinatulukapo. Pa status ndinalemba kuti "Ine ndi Mulungu wanga basi," anthu n'kumandiyankha kuti "Amen mayi, mawu amphamvu." Kutchalitchi ndinkafika nyimbo yoyamba itayamba, n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Ndinapezanso vesi lodzitchinjirizira, Yeremiya 17:5, lija lonena za wotembereredwa amene akhulupirira munthu. Ndinkalinena ngati ndikutseka loko.

Kunjaku zinkaoneka ngati ndakula muuzimu. Koma linali bala, abale, ndipo pamwamba pa balalo ndinafunditsapo kunyada. Yeremiya akudzudzula munthu amene mtima wake wachoka kwa Yehova n'kuyesa munthu mnzake ndiye dzanja lake lamphamvu. Sakunena za mayi amene wati "tandisenzetsani" pamjigo. Agogo aja sanalenge madzi. Sanandipatse khosi. Madzi ndi a Mulungu, khosi ndi la Mulungu, ndipo nawonso manja owonda aja ndi a Mulungu yemweyo.

Taganizani za Adamu. Tchimo linali lisanalowe, munda unali wake, ngongole analibe, ndipo Mulungu ankayankhula naye pamaso. Ngati panakhalapo munthu woyenera kunena kuti "ine ndi Mulungu wanga basi," ndi ameneyo. Koma pa Genesis 2:18 amene akunena kuti "si kwabwino kuti munthu akhale yekha" si Adamu. Adamu sanadandaule n'komwe. Ndi Mulungu mwini amene anaona kuti pakusowa kanthu, Iye ali pomwepo. Vesi limeneli timangolitulutsa pa ukwati pokha, kenako n'kulibweza m'kabati pamodzi ndi suti, ngati kuti amasiye ndi osakwatira silikuwakhudza.

Paulo nayenso, munthu woti anakumana ndi Ambuye panjira ya ku Damasiko. Pa 2 Akorinto 7:6 akunena kuti Mulungu, wotonthoza odzichepetsa, anawatonthoza ndi kufika kwa Tito. Chitonthozo chinali cha Mulungu, koma chinabwera ndi mapazi a Tito, fumbi lili m'miyendo. Ndipo mukawerenga 2 Timoteo 4 mtima umachita kuwawa. Nkhalamba ili m'ndende, ikuwerenga amene achoka: Dema wanditaya, uyu wapita uku, uyu wapita uko, Luka yekha ndiye ali ndi ine. M'chaputala chomwecho akuchitira umboni kuti Ambuye anaima naye n'kumupatsa mphamvu, komabe akuuza Timoteo kuti afulumire kubwera nyengo yachisanu isanafike, ndipo asaiwale chofunda chimene anachisiya ku Trowa kwa Karpo. Ife a ku Mzuzu vesi la chofundali sitifunika wotimasulira. Tikudziwa m'mene June amalumira. Munthu wodzazidwa ndi Mzimu ankamva chisanu, ndipo sanachite manyazi kupempha mnzake kuti amubweretsere chofunda.

Nanga inu ndi ine tikudziyesa ndani? Muuzeni munthu, mayi. Bambo, nanunso ndikunena inu, amene mukafunsidwa mumangoti "tilipo, Mulungu ndi wabwino," m'thumba muli kalata yochotsedwa ntchito imene ngakhale akazi anu sanaione. Ndowa yodzaza siikwera pamutu chifukwa choti mwavala jekete.

Chimene chandikhudza kwambiri sabata ino ndi Getsemane. Ambuye Yesu ankapita kukayankhula ndi Atate wake, ndipo panalibe chotchinga pakati pawo. Komabe anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane, n'kuwauza poyera kuti moyo wake uli wozingidwa ndi chisoni, akhale pomwepo achezere naye. Anagona. Katatu konse anawapeza ali m'tulo. Iye ankawadziwa bwino anthu amenewa, ankadziwa kuti Petro amukana tambala asanalire, koma anawatengabe. Ine anthu anandikhumudwitsa kamodzi ndipo ndinatseka chitseko miyezi yonseyi. Kutacha, panjira ya ku Gologota, mtanda unasenzedwa ndi Simoni wa ku Kurene, munthu wa kuno ku Africa, wongodutsa akuchokera kumunda. Mwana wa Mulungu analola kuti munthu amunyamulireko mtengo.

Sindikunena kuti muziulula za m'nyumba mwanu kwa aliyense. Pamjigo pamabwera anthu osiyanasiyana. Alipo amene amakusenzetsa mopendeketsa dala kuti unyowe iwo aseke. Alipo amene amayamba asuzumira mundowa kuti akauze anzawo kuti madzi ako ndi akuda. Amenewo apatseni moni, apitirireni. Koma chifukwa choti wina anakukhuthulirapo madzi tsiku lina, simungalumbire kuti moyo wanu wonse muzidzatunga 4 koloko mumdima. Mudzathyoka msana. Yang'anani mmodzi, wapakamwa polemera. Alipo, ndipo kawirikawiri si amene amapemphera mokweza kuposa onse.

Ndipo ife amene tinauzidwapo chinsinsi cha mnzathu n'kupita nacho kwina titachikulunga m'mawu akuti "tiyeni timukumbukire m'mapemphero," tilape. Miseche ndi miseche ngakhale itavala yunifolomu ya kutchalitchi. Pali anthu amene lero sakhulupiriranso Mkhristu aliyense chifukwa cha pakamwa pathu. Palinso ife amene timaona mnzathu ataima ndi ndowa yake, n'kumuuza kuti "tikupemphererani" tikudutsa. Yakobo 2:16 anatinena kale, ife ouza wanjala ndi wausiwa kuti apite mumtendere, akafunde, akakhute. Agogo aja akanangondiuza kuti "Chiuta wamovwireni" n'kupitiriza kujiga kachigubu kawo, bwenzi mwina mpaka pano ndili kudambo.

Mzinda unonso umathandizira kuti munthu akhale yekha. Ambirife ndife obwera. Wina anabwera ndi ntchito, wina ndi sukulu, wina anatsata banja. Abale athu ali kuseri kwa Chikangawa, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mulanje, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Ena amuna awo ali ku Joni, amangoonana pafoni. Kumudzi sukanatha kubisala, poti utsi ukapanda kutuluka pakhomo pako masiku awiri, azakhali amabwera kudzaona. Kuno tikhoza kukhala mumpanda umodzi, chingwe choyanikira zovala chimodzi, koma osadziwa kuti mnzako wagona ndi njala. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sananene kuti mwambiwu umathera pa Jenda.

Tsono onani vesi 5 ya Agalatiya 6 yomweyo: yense adzasenza katundu wake wa iye mwini. Kale ndinkaona ngati mavesi awiriwa akutsutsana. Dzulo ndinawamvetsa ndi khosi langa. Agogo aja sanandinyamulire ndowa mpaka kunyumba. Chitunda ndinakwera ndekha, matope ndinaponda ndekha, khosi linawawa langa. Iwo anangogwira mbali imodzi kwa kanthawi kochepa. Enafe timakana thandizo poganiza kuti tikhala mtolo kwa anthu, pamene chimene chikufunika ndi dzanja limodzi pa mphindi imodzi. Enanso, ndinene ndithu, timafuna wotisenzetsayo asenze yekha mpaka kukhitchini kwathu, ndipo akalephera timati abale a mumpingo alibe chikondi.

Koma nkhani yanga sinathere pachitunda. Nditafika pakhomo ndinazindikira chimene ndinaiwala: ndowa yoti wachita kusenzetsedwa imafunanso wokutula. Bambo ali ku Karonga kumene anapeza kaganyu, ana anali m'tulo, ndipo wamkulu ali ndi zaka 7 zokha. Ndinaima pakhonde, khosi likunjenjemera, ndikuwerengera: ndikawerama ndekha, madzi onse apita pansi ndipo bala la opaleshoni lindidzukira. Khomo la aneba lili masitepe asanu kuchoka pa langa. Mayi ameneyu kwa miyezi yambiri ndakhala ndikungomupatsa moni wa pamwamba, wa "tadzuka, kaya inu," ndikuyang'ana kumbali. Sanandilakwire chilichonse. Anangopezeka kuti nayenso ndi munthu, pa nthawi imene ndinali nditakwiyira anthu onse.

Ndinaitana motsitsa mawu, "Aneba, tanditulani." Anatuluka akumanga chitenje, tulo tili m'maso, n'kunditula. Atandiyang'ana anati, "Mwanyowa chonchi bwanji? Osandidzutsa bwanji kuti tipitire limodzi? Inenso m'nyumbamu mulibe madzi." Abale, ndinalira ngati mwana. Anandikokera m'nyumba mwake, anakoleza mbaula, anatunga m'ndowa yanga yomweyo n'kutereka tiyi, tinamwera mbatata zotsala dzulo lake. Ndinamuuza zonse, za ngongole, za miseche ija, za usiku umene ndimangoyang'ana kudenga. Sanandilalikire. Ndalama yoti andibwezere ngongole alibe, ndipo ngongoleyo ilipobe m'mawa uno. Anangomvetsera, kenako anandiuzako zake, zimene sindingazilembe pano, ndipo ndinachita manyazi kuti miyezi yonseyi khoma limodzi lokha ndi limene linkalekanitsa anthu awiri olira. Tinapemphera mwachidule, tiyi asanazizire.

Ambuye, tikhululukireni pamene takana manja amene munatitumizira, n'kumati tikudikira Inu. Tipatseni kudzichepetsa koti tinene kuti "tandisenzetsani," ndi pakamwa posunga za anzathu. Amen.

Muuzeni munthu lero, ndapota nanu. Ngati simukudziwa poyambira, yambani ndi moni wautali pang'ono kuposa wa masiku onse.

Madzi sanabwerebe pampopi. Ndisiyire pomwepa, aneba akugogoda, tinapangana 6 koloko. Ndowa yawo ndi yaikulu kuposa yanga, ndiye ndiyamba ndine kuwasenzetsa, ine ndikaona wondisenzetsa komweko.