Mwana akafunsa buku si mwano

Takulandiraninso omvera athu a m'chigwa cha Shire, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka. Makalata a sabata ino ambiri akukamba za ana ndi kuwerenga.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kwa Kasisi ku Chikwawa. Akuti: "Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 6. Atawerenga kuti David Livingstone ndiye anatulukira nyanja ya Malawi, anandifunsa ngati m'mbali mwa nyanjamo munalibe anthu pa nthawiyo. Ndamuuza kuti asiye makani ndi buku, angadzalephere mayeso, koma sakumva. Ndimulange bwanji?"

Bambo, chilango chisiyeni kaye, mwanayo wafunsa zanzeru. Livingstone anadutsa mu Shire muno m'chaka cha 1859. Sitima yake inalephera kupitirira mathithi a Kapichira, ndipo kunyanja anakafika wapansi mu Seputembala chaka chomwecho. Kuno anapeza Amang'anja akulima thonje ndi kusula makasu, mfumu Chibisa n'kumulandira. Kunyanjako asodzi anali akuponya kale makoka awo. Kunali kwachilendo kwa anthu a ku Ulaya, osati kwa eni dziko. Komanso inu muli kwa Kasisi, ufumu wochokera kwa Amakololo amene anabwera ndi Livingstone yemweyo, monganso kwa Katunga ndi kwa Maseya. Mutengereni mwanayo kwa akuluakulu a m'mudzi akamve mbali yawo, kenako mumufunse kuti: buku lanena ziti, lasiya ziti? Za mayeso musade nkhawa. Mwana amene wakangana ndi nkhani saiiwala msanga.

Kalata yachiwiri ndi ya aphunzitsi aakazi a ku Makhanga: "Ana anga a Sitandade 4 amawerenga mokweza bwinobwino, koma ndikati 'pali funso?' kalasi yonse zii. Ambiri kwawo amayankhula Chisena."

Aphunzitsi, pepani ndinene mosabisa: funso lakuti "pali funso?" ndi limene limatseka ana pakamwa. Limabwera belu litatsala pang'ono kulira, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti akakweza mkono achedwetsa anzake kuphala. Pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016 m'makalasi oyambirira, yathandiza ana kulumikiza malembo ndi maliwu, koma kutchula mawu ndi kumvetsa nkhani ndi ntchito ziwiri.

Yesani izi. Musanatsegule nkhani, awonetseni mutu ndi chithunzi chokha, awiriawiri apangane funso limodzi, mulilembe pabolodi. Pakati pa nkhani imani, afunsenso. Pomaliza muone limodzi mafunso amene buku layankha ndi amene lawasiya. Otsalawo musawafufute, ndiwo ndiwo zake. Tiyerekeze nkhani ndi ya kusefukira kwa madzi. Kufunsa kuti "ndani anakwera mumtengo?" n'kosavuta, yankho lili patsamba pomwepo. Koma mwana wa ku Makhanga, amene makolo ake anaona madzi a mu Januwale 2015 ndipo iye mwini anaona namondwe Freddy mu 2023, atha kufunsa kuti: bwanji madzi amatipeza ngakhale tsiku limene kuno sikunagwe mvula yambiri? Apo mwapeza phunziro lathunthu: mvula ya kuphiri la Mulanje imatsika ndi Ruo, n'kudzakumana ndi Shire pa Chiromo, ife a kunsi n'kulandira zonse. Ndipo ngati funsolo lamubwerera m'Chisena, alifunse m'Chisena momwemo, anzake amuthandize kulinena m'Chichewa. Akamaopa kusekedwa chilankhulo, sadzayamba n'komwe.

Agogo ena aakazi a ku Ngabu atumiza uthenga kudzera mwa mdzukulu wawo. Akuti iwo sukulu sanapiteko, ndiye angamuthandize bwanji mwana?

Agogo, inu ndiye muli pabwino, chifukwa mukafunsa mumafunsadi kuti mumve. Madzulo mdzukuluyo akuwerengereni, inu muzimudula: "Ameneyu wachitiranji zimenezi? Iwe wadziwa bwanji? Ukanakhala iwe ukanatani?" Akayankha mwachisawawa, abwerere patsamba akakuwerengereninso pamene pakunena zimenezo. Mawa lake musinthane, inu muyambe nthano, iye azikufunsani. Paja safunsa anadya phula.

Mnyamata wa Fomu 2 ku Nchalo akufunsa ngati zimenezi zikukhudzanso mauthenga a pa WhatsApp. Kwambiri, achimwene. Uthenga wakuti kukubwera namondwe kapena akulemba mayina a chithandizo ukafika, funsani kuti walemba ndani, liti, ndipo kodi a zanyengo kapena a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, anenapo zomwezo pa wailesi? Ngati palibe dzina kapena tsiku, musautumize kwa ena.

Nthawi yatithera. Kalata ya amayi a ku Bangula yokhudza ana obwerera kunyumba opanda mabuku tidzayamba nayo sabata yamawa, ndipo aphunzitsi a ku Makhanga mudzatilemberenso mafunso amene anawo afunsa.