Musavundukule Mbale ya Mnzanu

Aroma 14:3

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lachiwiri lapitali, tikudya nkhomaliro kuntchito, ndinangotchula kuti Loweruka ndinaonera filimu ya Spider-Man, ndipo mnzanga wina amene ndimamulemekeza kwambiri anati, "Bambo aakuluakulu ngati inu, mukuonerabe zidole zouluka?" Onse anaphulika kuseka. Ine ndinasekerera nawo, koma nsima inandikakamira pakhosi, ndipo mawuwo ndagona nawo masiku atatu.

Abale, musanyoze ndiwo za mnzanu. Patebulo lomwelo wina anali ndi usipa, wina nyemba, wina chisoso chotendera, ndipo panalibe amene anavundukula mbale ya mnzake n'kuyamba kukwinya nkhope, chifukwa tonse tinaleredwa kuti zimenezo n'zachipongwe. Nanga bwanji chimene munthu amapumitsira mtima wake akaweruka timachivundukula pagulu? Paulo anati wakudya asapeputse wosadya, pakuti Mulungu anamulandira kale, ndipo nkhani yake inalinso ya m'mbale.

Ndivomereze kuti usiku wonse ndinkakonza mayankho. Ndinkafuna kukamuuza kuti Superman anayamba kutuluka m'mabuku a zithunzi ku America mu 1938, Spider-Man mu 1962, moti ana amene anayamba kuwawerenga ndi agogo tsopano. Ndinkafuna kumukumbutsa za Chadwick Boseman, amene anasewera mufilimu ya Black Panther akudwala khansa osalengeza, mpaka anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 43. Zonsezo n'zoona. Koma yankho limene linkanditsekemera kwambiri linali lina: kuti iyeyo amasowa tulo timu ya mpira ya ku England ikagonja, chonsecho ku England sanapondeko.

Apo ndi pamene Mzimu anandigwira dzanja, chifukwa chala changa chinali chitatsala pang'ono kulowa m'mbale yake. Ndinakumbukiranso mmene ndinasekera mlongo wanga chifukwa cholira poonera mafilimu a ku Nigeria, ndipo sindinamupepesebe.

Inu amene mwasekedwa sabata ino, idyani ndiwo zanu moyamika Mulungu, ndipo ngati mawu a mnzanu anakupwetekani, muitanireni pambali mumuuze mofatsa, osati pamaso pa anthu. Inu okonda kuseka anzanu, bwezerani chivundikiro.

Lero masana ndikakhala pafupi naye mnzanga uja, ndipo usipa ndanyamula wokwanira anthu awiri.